ZITUPA ZIWIRI, MUNTHU MMODZI

Abale ndi alongo a ku Bwacha, Makululu, Chowa, Katondo ndi Kasanda, ndi inu a ku njanji, cherani khutu. Tsiku ndi tsiku tichula maina a Chindwin ndi Kohima monga ngati ndi midzi ya kwa agogo athu. Koma ndani mwa ife anayamba wafunsa kumene mainawa anacokera? Chindwin ndi mtsinje wa ku Burma. Kohima ndi malo a pa mapiri a ku India, kufupi ndi malire a Burma, pamene Angelezi ndi Ajapani anaphana koopsya m'caka ca 1944. Pitani ku Ndola, mukapeza Tug Argan ndi Kalewa. Ku Lusaka kuli Arakan. Ku Chipata kuli Gondar. Misasa ya asilikari athu yonseyi inapatsidwa maina a malo a nkhondo ya eni ace, nkhondo imene anyamata a dziko lino anatengedwa kukamenya. Maina a malo tinawasunga bwino, tinawalemba ndi utoto pa zipata. Anthu amene anapita kumeneko ndiwo tinawataya.

Asilikari a Northern Rhodesia Regiment anaima pa Tug Argan, ku Somaliland, mu August 1940, Mataliyana ali kuwathira mizinga. M'caka ca 1944 anali m'gulu lalikuru la 11th East African Division limene linatsika cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula, m'matope ofika m'maondo, malungo ali kugwetsa anthu monga nkhuku za citopa, mpaka anafika pa Kalewa ndi kuoloka Chindwin. Nkhondo itatha, Boma la Angelezi linawerenga mphotho. Msilikari wamba wacizungu analandira masheleni 10 pa mwezi uli wonse umene anatumikira. Msilikari wamba wakuda, masheleni 3 ndi sikisi. Mapepala a cinyengo cimeneci anapezeka m'nkhokwe za Boma ku London, nalengezedwa m'manyuzi mu 2019, eni ace ambiri atagona kale kumanda. Cipolopolo ca Mjapani sicinali kusankha khungu, koma kalaliki wa malipiro anali kusankha.

Ndarama tiyambe taziika pambali. Mlandu wanga lero ndi wa cimene anthuwa anabwera naco m'mutu. Afunseni akulu a m'komboni za madala aja obvala jasi la nkhondo ngakhale pa dzuwa la October, amene anali kudzuka pakati pa usiku ndi kufuula malamulo a perete, amene mphezi ikang'amba anali kudzigwetsa pansi ndi kukwawira kunsi kwa bedi. Ana anali kuwalondola m'njira ndi kuwaseka. Ena anati analodzedwa ku Burma, ena anati mizimu ya amene anawapha iri kuwatsata. Boma linangoti cete, pakuti madotolo ace anali ndi ciphunzitso cao. Mmodzi wa iwo, J. C. Carothers, amene anayang'anirapo cipatala ca Mathari ku Nairobi, analemba buku mu 1953 louza dziko lonse kuti nthenda ya cisoni cozama siipezeka-pezeka mwa munthu wakuda. Koma Angelezi omwewo anali ataidziwa nthenda ya m'mutu yocokera kunkhondo mwa asilikari ao kuyambira nkhondo ya 1914, ndipo anali kulipira penshoni anyamata ao zikwi zambiri cifukwa ca iyo. Mwaona nzeru yace? Munthu amene mwanena kuti sangathe kudwala, simungamlipire.

Amene mutu unawasokonekera kotheratu anaponyedwa m'ndende, ena anakwezedwa sitima kunka ku Ingutsheni ku Bulawayo, kutali ndi abale. Cipatala ca Chainama ku Lusaka cinatsegulidwa mu 1962, zaka 17 nkhondo itatha. Lamulo la 1949 la matenda a maganizo linali kuchula odwala ndi mau amene ngakhale pa mowa sitichula nao mnzathu: citsiru, cidzete, wopenga. Ndipo tisaloze atsamunda okha cala. Mbendera yao inatsika mu 1964, koma mau amenewo anakhalabe m'buku la malamulo a Zambia mpaka High Court inawakana mu 2017, ndipo lamulo latsopano linabwera mu 2019. Zaka 55 za ufulu tiri kugona pa mphasa ya Bwanamkubwa!

Makolo anati, wamisala anaona nkhondo. Anali kutiphunzitsa kuti ngakhale munthu amene timpeputsa timumvere, pakuti angakhale ataona cimene ife sitinacione. Ife tinautembenuza mwambiwo. Woona nkhondo tinamucha wamisala, ndipo tinaleka kumumvera.

Wina anena kuti, Kalaliki, zimenezo nzakale, zinapita ndi Welensky. Iai, sizinapite. Pa 22 April 1995, pa msasa wa anthu othawa nkhondo wa Kibeho ku Rwanda, asilikari a Zambia obvala zisoti za United Nations anali pakati pa khamu pamene asilikari a Boma la Rwanda anali kuombera anthu. Lamulo la nchito yao silinawalole kuletsa ndi mfuti. Anzao a ku Australia amene anali nao pamalopo ananena kuti akufa anali osacepera 4,000. Boma la Rwanda linati 338. Taganizani mnyamata wa ku Ngungu, mfuti iri m'manja, ali kuona akazi ndi makanda akupondedwa m'matope, iye womangidwa manja ndi lamulo. Mu May 2000 ku Sierra Leone zigawenga za RUF zinagwira asilikari a United Nations pafupifupi 500, ndipo oposa 200 mwa iwo anali a Zambia, olandidwa zida ndi kusungidwa m'chire kwa masabata. Kuyambira 2015 magulu athu akhala ali kusinthana ku Birao, ku Central African Republic. Akatsika ndeke tiwalandira ndi malipenga ndi mendulo. Kodi usiku wace, malipenga atatha, agona bwanji?

Nthendayi madotolo anaipatsa dzina la PTSD mu 1980, atapenda asilikari a America obwera ku Vietnam. Munthu aona kapena kupulumuka cinthu coopsya, ndipo mutu wace ukana kukhulupira kuti cinthuco cinatha. Cimbwerera m'maloto, cimbwerera usana akamva fungo kapena phokoso lofanana. Tulo sabwera. Mkwiyo ubuka pa kanthu kakang'ono, mwana akagwetsa mbale. Athawa anthu, athawa msika, ndipo ambiri apeza mankhwala ao m'botolo la kacasu. Si ufiti, si mantha a mwamuna wofooka, ndipo icizika: ena ndi kukambirana ndi dotolo wophunzira nchitoyo, ena ndi mapiritsi, ena ndi zonse ziwiri. Ife a Kabwe sitifuna wina atiphunzitse za nthenda yosaoneka ndi maso. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu ukali m'dothi ndi m'mwazi wa ana athu, ndipo mwana wodwala nao aoneka monga anzace kufikira alephera kusukulu.

Tsono ndifike pa mutu wa nkhani. Ine ndinali kalaliki pa mgodi wina, ndipo nchito yanga inali kusunga mafaelo a anthu. Amene munagwirapo pansi mudziwa citupa ca mapapo ca ku Kitwe: popanda ico sulowa m'cikwepe. Ndinaona amuna akumeza cifuwa pa mzere wa dotolo, ena akumwa mkaka usiku wonse poganiza kuti uyeretsa mapapo pa cithunzi. Cifukwa ninji? Cifukwa pali zitupa ziwiri. Cina cinena kuti uli bwino, ndipo cimeneco cikupatsa nchito. Cina cinena kuti wadwala, ndipo cimeneco cikupatsa cipukuta misozi. Ukatola cina, cinzace cigwa. Ndipo cipukuta misozi sicifika pa malipiro a mwezi, cicedwanso kubwera, pamene ana afuna nsima lero. Munthu wanzeru zace abisa nthenda, ndipo ife a mu ofesi tidinda sitampa kuti ali bwino.

Panali bambo wina pa mgodipo, woyendetsa makina onyamula miyala, amene kale anali msilikari ndipo anali m'gulu lija la ku Sierra Leone. Wanchito wabwino, wosajomba. Koma nthawi yophulitsa miyala ikafika, nkhope yace inali kusanduka phulusa, manja kunjenjemera, ndipo tsiku lina kapitao anampeza atabisala kuseri kwa tayala, wosatha kulankhula. Anamtumiza ku ofesi kwanga ndi kapepala. Anatseka citseko, nabvula cisoti, nati, "Mwana wanga, musalembe. Mukalemba kuti mutu wanga suli bwino, makina andilanda, ndipo palibe kampani idzandilembanso. Kwa asilikari ndinacoka ndiri cete pa cifukwa comweci." Bambo wa msinkhu wa atate wanga, ali kupempha ine kamnyamata ka Giredi 7.

Msampha umenewu uli pa onse ogwira nchito ya citupa, koma pamene uluma kwambiri ndi pa oyendetsa ndeke. Maiko anapangana ku Chicago mu 1944 za kayendedwe ka ndeke, ndipo mwa malamulo a bungwe la ICAO, amene Zambia nayo itsata, woyendetsa ndeke ya malonda ayenera kupimidwa ndi dotolo caka ndi caka, ndipo akapitirira zaka 60, miyezi 6 iri yonse. Maso apima, makutu apima, mtima apima ndi makina. Koma za m'mutu palibe makina. Dotolo afunsa, munthu ayankha, nasaina. Ambiri mwa oyendetsa ndeke anaphunzira nchitoyo ku usilikari, cifukwa mwana wa m'komboni sangalipire sukulu ya ndeke. Tsono msilikari wa ndeke akapuma, laisensi ndiye munda wace, ndiye ng'ombe zace. Mufuna kuti akauze dotolo ndi pakamwa pace mau amene angamlande mundawo?

Onani zimene zinacitika ku America. Kumeneko Boma liri ndi nthambi yolipira asilikari opuma amene anabvulala, m'thupi kapena m'maganizo, ndipo liri ndi nthambi yina, FAA, yopereka malaisensi a ndeke. Kwa zaka zambiri maofesi awiriwa sanali kuonetsana mabuku. Tsiku lina anaika mabuku pamodzi. Mu 2023 nyuzi ya Washington Post inalengeza kuti oyendetsa ndeke pafupifupi 4,800, onse asilikari akale, anali kufufuzidwa cifukwa ku ofesi yina analandira ndarama za kudwala, matenda a maganizo ali m'gulu, pamene ku ofesi yinzace sanachule matendawo. Mwa iwo pafupifupi 600 anali ndi cilolezo coyendetsa ndeke zonyamula anthu, ndipo pafupifupi 60 anauzidwa kuti ayambe aima. Mapanga awiri abvumbwitsa. Ine sindiri kuikira kumbuyo bodza. Amene anakuza nthenda kuti adye ndarama za olumala ndi mbala, alangidwe. Koma anthu 4,800 si mbala zokha-zokha. Mukapeza mudzi wonse ukudumpha mpanda pa malo amodzi, funsani amene anatseka cipata.

Ndimva kale wina ali kukalipa: Kodi ufuna kuti wamisala atinyamule m'mwamba? Funso labwino, ndipo ndiliyankha. Pa 24 March 2015 wothandiza woyendetsa ndeke ya Germanwings anatsekera mkulu wace kunja kwa cipinda, naombetsa ndeke pa phiri ku France, anthu 150 nafa. Kwa ife pafupi, pa 29 November 2013, ndeke ya LAM yocoka ku Maputo kunka ku Luanda inagwa ku Bwabwata m'dziko la Namibia, anthu 33 nafa, ndipo ofufuza anapeza kuti woyendetsa anaitsitsa dala mnzace ali kugogoda pa citseko. Zoopsya zedi. Koma taonani bwino nkhani ya ku Germany ija. Mnyamatayo madotolo anali atamlembera kalata yoti asagwire nchito, ndipo apolisi anaipeza kunyumba kwace itang'ambidwa. Kampani sinaione. Anabisa. Mu October 2023 ku America woyendetsa ndeke wina amene anangokwera monga mlendo m'cipinda ca oyendetsa anayesa kuzima mainjini ndeke iri m'mwamba. Anamgwira, anthu onse napulumuka. Pambuyo pace ananena kuti anali ndi cisoni cacikuru kuyambira imfa ya bwenzi lace, koma anaopa kupita kwa dotolo cifukwa ca laisensi. Amene atiopsya ife okwera si munthu amene anapita kucipatala nalandira mankhwala. Ndi uyo amene lamulo lamphunzitsa kutseka pakamwa. Lamulo loti ukaulula watha silicotsa odwala m'ndeke, lingowabisa kwa dotolo.

Ndipo ife a Zambia tiri ndi bala lathu. Pa 27 April 1993 ndeke ya Buffalo ya Zambia Air Force inagwa m'nyanja kufupi ndi Libreville, anthu 30 nafa, pamodzi ndi anyamata athu a mpira 18. Lipoti la Boma la Gabon la 2003 linati injini ya kumanzere inaonongeka, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa cifukwa anali atangobwera ku Mauritius dzulo lace, anazima injini yabwino. Sindinena kuti malemuyo anali ndi nthenda ya maganizo, iai, ndipo ndekeyo inali ndi zilema zace. Ndinena kuti kutopa nako sikuoneka pa cithunzi ca dotolo. Cimene ciri m'mutu mwa woyendetsa adziwa ndi iye yekha, ndipo cichinjirizo cathu nkuti akhale ndi ufulu wonena kuti, Bwana, lero sindiri bwino, popanda kuopa kuti mau amenewo ndiwo adzakhala omariza pa nchito yace.

Njira iripo, ndipo ena anaiyenda kale. Australia inayamba kulola oyendetsa ndeke akumwa mankhwala a cisoni cozama mu 1987, dotolo ali kuwayang'anira, ndipo atawerenga ngozi za zaka zambiri sanapeze kuti iwowa agwetsa ndeke kuposa anzao. America inatsata mu 2010 ndi mitundu 4 ya mankhwala, ndipo itacita manyazi ndi nkhani za 2023 inaika komiti imene inapereka malangizo 24 mu April 2024, makamaka a kucotsa mantha a kuulula. Australia yomweyo, imene anyamata ace anaima ndi athu pa Kibeho, kuyambira 2017 icizitsa mwaulere nthenda iri yonse ya maganizo mwa munthu amene anagwirapo usilikari monga nchito yace, popanda kumfunsa umboni woti nthendayo inacokera kunkhondo. Asilikari awiri anaona mitembo yomweyo, tsiku lomwelo, pa phiri lomwelo. Kodi mutu wa Mzambia ngwacitsulo? Tikati inde, ndiye kuti Carothers akali moyo ndipo alankhula ndi pakamwa pathu.

Cimene tifuna ndi ici. Msilikari wopuma akafika pa cipatala, kaya ku Maina Soko, kaya ku Chainama, kaya kuno ku Kabwe, ndi kunena kuti sagona, athandizidwe tsiku lomwelo, asatumidwe kukafuna makalata a zaka 20 zapitazo otsimikiza kuti analidi pa Makeni. Ine ndidziwa m'mene mafaelo asocerera. Ciswe cadya milandu ya anthu ambiri kuposa majaji. Kupempha cipukuta misozi ca nthenda ya maganizo kusakhale kudzilembera kalata yocotsedwa nchito. A Zambia Civil Aviation Authority ndi akulu a asilikari alembe poyera, m'mau omveka, njira imene munthu woimitsidwa abwerera nayo: apimidwa ndi yani, patapita miyezi ingati, ndipo akakanidwa akadandaula kuti. Ndipo pa miyezi imene waima, alandire cakudya. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu saopa dotolo, aopa njala. Ngati kuulula kutanthauza kuti ana acotsedwa sukulu, ngakhale mutalemba malamulo okoma cotani, adzabisa.

Aphungu athu a Kabwe Central ndi Bwacha, misasa iwiri ya asilikari iri m'tauni yanu. Imani m'Nyumba ya Malamulo mufunse Nduna ya za Citetezo: mwa asilikari amene anapita ku Rwanda, Sierra Leone ndi Central African Republic, ndi angati anapimidwa maganizo atabwera? Ndi angati anapempha cipukuta misozi pa nthenda yotere, ndipo ndi angati analandira? Madotolo a nchitoyi m'gulu la nkhondo alipo angati? Yankho lilembedwe, tiliwerenge tokha. Ndipo inu a mabungwe a anchito, musati iyi ndi nkhani ya mabwana a m'mwamba ya ife osakwera ndeke. Citupa comweco ciri m'thumba la woyendetsa sitima, la dalaivala wa basi ya ku Lusaka, la wophulitsa miyala, la mlonda wogwira mfuti pa banki, ndipo alonda ambiri ndi asilikari akale. Mukakhala pa gome ndi olemba nchito, pamodzi ndi malipiro ndi nsapato za nchito, ikanipo ndi mau oti wodwala maganizo acizidwe ndi kubwerera pa malo pace monga wothyoka mwendo.

Kwa ife tokha a m'komboni ndiri ndi mau ocepa. Msilikari akawombera mkazi wace, kapena akadzimangirira, tithamangira kunena kuti ndi nsanje, ndi mowa, ndi mankhwala a kwa sing'anga. Pa maliro mayi wamasiye ndiye anong'ona kuti bambo anali asanagone bwino cibwerere. Anali kudziwa, anansi anali kumva kufuula usiku, ndipo onse anasunga cinsinsi kuti nchito isathe. Ine sindingawaweruze, pakuti nanenso ndinasunga.

Bambo uja sindinamlembe. Pa kapepala ka kapitao ndinalemba kuti malungo, masiku 3, ndipo ndinadinda sitampa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nabwerera pa makina ace olemera, pansi pa nthaka, pakati pa anzace amene sanadziwe kanthu. Cisomo cokha, palibe amene anapondedwa. Dotolo wa maganizo sanamuone, cipukuta misozi sanapemphe, ndipo pamene kampani inacepetsa anchito tinacotsedwa mwezi umodzi, iye ndi ine. Ndinakomana naye caka catha pa siteshoni ya mabasi, atabvala yunifomu ya ulonda, ali kupita ku nchito ya usiku. Ndinamfunsa cifukwa cace anasankha ya usiku. Anati, "Ndi kale lomwe sindigona. Bola andilipire."